Chigoli Chimene Ndinakana ku Nsadzo

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti tikamaonera mpira ine sindiyang'ana osewera, ndimangolondola woyimbira ndi anzake a mbendera, n'kumawakalipira ngati akundimva. Sekani ndithu, koma muyambe mwawerenga izi. Za ubwana wanga ndizilumpha, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa.

Nsadzo, chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinafika ku Nsadzo pa njinga yobwereka, kabokosi ka malata kali kumbuyo, thalauza limodzi lili m'thupi, lina m'kabokosimo. Shikola yake inali yofolera ndi udzu, mabenchi ake oumba ndi dothi. Kalasi yomaliza inali ya kwarta, ndiye kuti yachinayi, koma musaganize za tiana. Ena ndevu zinali zitayamba kumera, ndipo mmodzi anali kale ndi chitomero. Sekondale inali kutali ku Tete, yofikako ana a anthu owerengeka, ndiye kwathu kuno anyamata amenewa ndiwo anali ophunzira aakulu. Akamasewera ndi shikola ina Loweruka, m'midzi munkatsala nkhuku zokha.

Mkulu wa shikola anali a Mateyu Banda, munthu wamtali, wouma thupi, wosaseka msanga koma wachifundo kwambiri. Ali mnyamata anakagwirako ntchito kutsidya kwa malire, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuyimbira mpira. Sabata yanga yoyamba ngati mphunzitsi, kapena pulofesolo monga tinkanenera, sanandifunse za masamu kapena za Chipwitikizi.

"A pulofesolo, mpira munauyimbirapo?"

"Ndinausewera kwambiri, a Banda."

"Sindinafunse zimenezo. Kudya nkhuku si kudziwa kuweta. Mawa mubwere kubwalo, mudzathamange chambuyo ndikuoneni."

Ndinkayesa nthabwala, koma m'mawa mwake ndinathamangadi chambuyo mpaka kugwa chagada, ana akuseka. Kwa a Banda, kuyimbira mpira kunali ndi mwambo wake ngati maliro, ndipo sankalola kudumpha kanthu. Masewera asanayambe, woyimbira ndi a mbendera awiri ankakumana pansi pa mtengo n'kubwereza zizindikiro zomwezo zimene anabwereza sabata yatha. Kenako atatuwo ankayenda limodzi kukagwedeza mitengo ya golo ndi kukoka chingwe cha pamwamba, chifukwa thabwa lopingasa tinalibe. Mpira ukayamba, woyimbira sankauthamangira ngati galu wosaka. Ankadula bwalo kuchokera ngodya iyi kupita ngodya iyo, kuti nthawi zonse osewera akhale pakati pa iye ndi wa mbendera. Wa mbendera naye ankayenda mzere umodzi ndi wotchinga womaliza. Mpira ukalowa m'golo, woyimbira ankayamba wayang'ana wa mbendera asanaloze pakati. Wa mbendera akathamangira chapakati pa bwalo, chigoli chilipo. Akaima chilili, mbendera ili m'mwamba, pali mlandu. Masewera akatha, atatuwo ankatuluka m'bwalo limodzi, wina osatsalira m'mbuyo.

Ine ndinkanyinyirika nazo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti, "A Banda, uwutu ndi mpira wa ana a shikola, si wa ku Lisboa."

Anandiyang'ana akupukuta apito, kherere wawo wachitsulo uja, pa malaya. "Ndiye chifukwa chake. Ku Lisboa kuli apolisi. Inu muli ndi apito ndi anzanu awiri, basi. Mukamachita chimodzimodzi tsiku lililonse, anthu amakangana ndi lamulo. Mukamasinthasintha, amakangana ndi inu."

A mbendera athu anali awiri. Wina anali a Tomasi, mlonda wa shikola, munthu wabwino koma wokonda kucheza ndi oonerera pamene mpira uli mkati. Wina anali a Zakeyu Mwale, mlimi, mkulu mu mpingo wa Ziyoni. A Zakeyu anali aafupi, amiyendo yamatewe, osavala nsapato, koma pamzere ankayenda chammbali ngati nkhanu, osaphonya phazi la wotchinga. Ankati miyendo inalimba ndi kuzungulira pa mapemphero. Akagwira mbendera sankadziwa mbale kapena mpongozi. Akazi awo omwe akawaitana kuchokera m'gulu, iwo khosi osatembenuza. Ndinawakonda kuyambira tsiku loyamba, ndipo iwo ankanditenga ngati mng'ono wawo, ngakhale sanasiye kunditchula kuti a pulofesolo.

Chaka chomwecho tinapita kukasewera ku shikola ina, kumene anayimbira ndi mphunzitsi wa komweko. Atakana chigoli, anthu anamuzungulira, iye n'kuloza wa mbendera wake kuti, "Si ine, ndi uyo!" Wa mbendera uja anathamangitsidwa mpaka m'munda wa mapira, ndipo anabwerako malaya ali nsanzansanza. Pobwerera, tikukankha njinga pamchenga, a Banda anaima n'kundiyang'ana. Kenako anati, "Mwaona? Mbendera siyimba. Imangolangiza. Woyimba ndi inu, ndiye mlandu ndi wanu. Wa apito sagulitsa wa mbendera." Ndinavomera ndi mutu, ndikuganiza za ludzu langa.

Chaka chimene anatitsekera m'waya

Nkhondo inafika kwathu ngati mphekesera. Poyamba tinkangomva kuti anyamata akutchire adutsa kwakuti, kenako magalimoto a asilikali anayamba kuchuluka pamsewu wa ku Cassacatiza. Tsiku lina m'mawa ndinapeza nyumba ya a Banda ili yotseka, mbuzi atamasula, iwo ndi banja lonse atawoloka malire. Sanatsanzike aliyense, ndipo sindinawadandaule, chifukwa nthawi imeneyo kutsanzika kunali kuika mnzako m'mavuto. Pawindo la kalasi yanga anasiyapo apito. Sindinawaonenso.

Pasanapite nthawi boma linasamutsa midzi yonse n'kuiunjika pamalo amodzi ozunguliridwa ndi waya, amene ankati alidiyamento. Kumunda tinkapita moperekezedwa, kubwerera dzuwa lisanapendeke. Mchere unasowa, sopo anasowa, choko ndinkachita kudula tizidutswa. Koma bwalo la mpira linagwera m'kati mwa waya, ndipo ine ndinaona kuti chimenechi ndi chisomo. Laimu wolembera mizere kunalibe, tinkathira phulusa. Chubu cha mpira chinali ndi zigamba zambiri kuposa mphira wake. Kanjere ka m'kati mwa apito katatayika ndinaikamo nzama youma, ndipo inkalira bwino kuposa kale. Mbendera ya a Tomasi itang'ambika, mayi anu anadula mpango wawo wachikasu, akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi bwalo. Mwambo wa a Banda sitinausiye ngakhale pang'ono. Loweruka lililonse atatufe tinkakumana pansi pa mtengo, kukoka chingwe, kutuluka limodzi. Zonse zinali zitasokonekera, koma pabwalo paja munthu ankadziwa chimene chichitike akachita chakuti, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake ngakhale nkhalamba zosadziwa mpira zinkabwera kudzakhala pamenepo.

M'kati mwa waya, mfuti zinali m'manja mwa amilisiya, anthu akwathu komweko amene boma linawalemba kuti azitilondera. Mkulu wawo anali kabu Fernando, munthu wamtima wapachala, amene mwana wake Juliyo ankasewera kutsogolo mu timu ya shikola yathu. Ndiye kunali a Zakeyu. Mwana wawo woyamba anasowa tsiku lina popita kumunda, ndipo aliyense ankadziwa kuti analowera kwa anyamata akutchire aja. Anawaitanira kuposito, kwa akuluakulu a boma, n'kuwasunga masiku angapo. Atatuluka anandiuza mawu amene anawatsanzika nawo: dzina lawo likadzamvekanso pa nkhani iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, adzawakweza galimoto ya ku Tete. Amene anakwera galimoto imeneyo sitinkawaonanso.

Tsiku la mpira wa Cassacatiza

Pa chikondwerero china cha boma anakonza kuti shikola ya ku Cassacatiza ibwere ndi galimoto za asilikali kudzasewera nafe. Dzulo lake ndinapita kwa a Zakeyu, ndinawapeza akusema mpini.

"A Mwale, bwanji mawa mupumeko? Kudzakhala mfuti zambiri, ndipo Juliyo akusewera mbali yanu."

"Ndikabisala mawa, a pulofesolo, adzafunsa kuti ndabisaliranji. Ine ndidzaima pamene ndimaima."

"Nanga mwanayo akadzatsogola?"

Anaseka. "Mufunse mkonowu. Umakwera wokha, sundiuza."

Tsikulo kunali dzuwa loswa mtengo, anthu odzaza mpaka kuwaya. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Chachiwiri chili pafupi kutha, mnyamata wathu wina anaponya mpira wautali, Juliyo n'kuuthamangira, kuumenya, uwo m'golo. Bwalo lonse linaphulika. Amayi analowa ndi nthungululu, kabu Fernando anaombera mfuti m'mwamba. Ine ndinali pamalo panga, chakumanzere, kumbuyo kwa osewera, fumbi lili kobo. Kuti Juliyo anali pati pamene mpira unkaponyedwa, sindinaone. Si ntchito ya woyimbira kuona zimenezo, n'chifukwa chake pali mbendera. Mtima wanga unali utavina kale, paja inali shikola yanga. Koma khosi linatembenuka lokha monga linazolowera.

A Zakeyu anali chilili, mbendera ili m'mwamba. Foradijogo, kutanthauza kuti Juliyo analandira mpira atadikirira kuseri kwa otchinga onse.

Ndikuuzeni zoona, ana anga, ndinachita mantha kwambiri. Ndikanatha kunamizira kuti sindinaione mbendera, koma anthu anali ataiona kale, ndipo ena anayamba kuloza. Ndikanaloza pakati, a Zakeyu akanatsala okha ndi mkono wawo m'mwamba, munthu mmodzi wokana chigoli cha mwana wa kabu pa tsiku la boma. Ndinayimba apito mwamphamvu, ndinathamangira kwa iwo monga mwa mwambo, tonse tinayang'ana kubwalo.

"Watsogola?"

"Watsogola."

"Tsitsani mbendera. Zatsala ndi zanga."

Ndinayenda ndekha kukafika pamalo pamene panalakwikapo, ndinaimapo n'kukweza mkono wanga kuti aliyense aone amene wakana. Phokoso linasanduka lina. Kabu Fernando analowa m'bwalo mfuti ili paphewa, osalunjika kwa ine koma kwa a Zakeyu. Ndinamudulira kutsogolo.

"A kabu, mpira sunathe. Tulukani m'bwalo."

"Wakana chigoli ndani?"

"Ndine."

"Musandipusitse, a pulofesolo. Ndaona mbendera ya mdala uyu."

"Mwaiona, inde. Koma akanaikweza mpaka mkono kuthyoka, ine osayimba, chigoli chikanakhalapo. Mwamva apito kapena mwamva mbendera?"

Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la kachasu, n'kutsitsa mawu. "Inu ndilibe nanu mlandu. Akazi anu ali ndi pakati, ndikudziwa. Ingonenani kuti mdalayu wakusocheretsani, muzipita kwanu."

Iwe Rozariya, pakati pamenepo unali iweyo. Ndinaganiza za mayi ako, ndinaganiza za galimoto ya ku Tete, ndipo mawu amene ankafunawo anali afupi, osavuta kunena. Sindinali munthu wolimba mtima, ndipo mpaka lero sindine. Chimene chinandithandiza n'chakuti yankho sindinachite kulipeka pamenepo. Linali lokonzeka kale, lobwerezedwa pansi pa mtengo Loweruka lililonse, ndipo pakamwa panangolitulutsa.

"Sanandisocheretse. Ndayimba ndine. Tulukani, timalize."

Anatuluka, mwina chifukwa anthu onse ankamuyang'ana. Tinamaliza mphindi zotsalazo, masewera anatha opanda chigoli. Ndinaitana a Tomasi ndi a Zakeyu pakati pa bwalo, tinatuluka limodzi, ine pakati. A Tomasi anali ndi mantha oonekeratu, koma sanathawe, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Titafika pamtengo, amilisiya awiri anandigwira mikono. A Zakeyu anafuna kutsatira, ine ndinawauza mokweza, ngati bwana wokalipira wantchito, kuti akasunge mbendera ndi mpira kushikola. Anamva chimene ndinkatanthauza, anapita.

Kuposito kunali mkulu wa asilikali wachizungu, mnyamata wamng'ono kuposa ine, amene mpirawo anauonera chigawo choyamba chokha n'kuthawa dzuwa. Kabu anafotokoza kuti mdala wa mbendera ndi wa anthu akutchire, ndipo wachita dala kuti anyozetse boma pamaso pa alendo. Mzungu uja ananditembenukira.

"Munaona ndi maso anu kuti mnyamatayo watsogola?"

Apa ndi pamene panali poterera. Ndikanati ayi, nkhani yonse ikanagwera a Zakeyu. Ndikanati inde, kabu ankadziwa pamene ndinaima. Ndinayankha kuti, "Ndinaima pamene woyimbira amayenera kuima, ndinayang'ana kumene amayenera kuyang'ana, ndipo ndinagamula. Timachita choncho masewera aliwonse, kuyambira nkhondo isanabwere. Mwezi wathawu mbendera yomweyo inakwerera mphwawo wa a Zakeyu, ine n'kukana chigoli chimodzimodzi. Funsani aliyense m'waya muno, ngakhale a kabu omwewa, analipo."

Kabu sanatsutse. Mzunguyo anatola zitsekerero za mabotolo patebulo n'kundiuza kuti ndimuonetse mmene tinaimira. Ndinaika ichi woyimbira, ichi wa mbendera, ichi wotchinga. Anayang'ana, anakanda chibwano, n'kunena kuti kwawonso amaima choncho, ndipo wogamula ndi wa apito yekha. Anati iyi ndi nkhani ya mpira, si ya kutchire, ndipo dzina la mdalayo sakufuna kulimva. Koma kabu sakanatuluka chimanjamanja. Mzunguyo anagamula kuti ine ndinayankha mwachipongwe munthu wa boma pagulu, choncho ndilandire mbalamatodya, kenako andichotse ku Nsadzo. Mbalamatodya simunaione, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Ndi kathabwa kobowolabowola komenyera m'manja. Sindinawerenge kuti anandimenya kangati.

Nditafika kunyumba manja ali ngati mikate, mayi anu anatenga kamchere kotsiriza m'nyumbamo n'kuthira m'madzi ofunda. Ankandithowa akulira, uku akundikalipira. "Anzanu akumenyedwa chifukwa cha dziko, inu chifukwa cha chikopa chopopa!" Ndinaseka ngakhale zinkawawa, iwonso anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Chifunde, ndi zaka zotsatira

Ananditumiza ku Chifunde, kumene ndinakaphunzitsa mpaka nkhondo inatha, ndi zaka zambiri pambuyo pake. Tsiku lonyamuka manja anali asanaphwe, sindikanatha kugwira chiwongolero cha njinga. A Zakeyu anabwera m'mamawa, anamanga katundu wathu, anakankha njingayo mpaka pachipata pamene panaima galimoto. Titafika anati, "A pulofesolo, bwenzi mutangonena kuti ndine. Ine ndakula kale."

"Ndiye Loweruka ndikanayimba ndi ndani? Ndi a Tomasi okha? Mpira ungathe iwo akucheza."

Anaseka, kenako anatembenukira kuwaya n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. Kugwirana chanza sitikanatha, ndiye anangondigwira pachigongono.

Mpaka lero sindidziwa ngati Juliyo anatsogoladi. Sindinawafunsenso a Zakeyu, ndipo sikukanakhala koyenera kufunsa. Kabu Fernando sindimusungira chakukhosi, nayenso ankakhala mwamantha ngati tonsefe, kungoti mantha ake anali ndi mfuti. Ku Chifunde ndinaphunzitsa aphunzitsi achinyamata ambiri kuyimbira mpira wa mashikola, ndipo onse ankanyinyirika monga ndinkachitira ine. Ankati mdalayu amavuta, kukoka zingwe, kubwereza zomwezomwezo ngati katekisimu. Sindinkawafotokozera zambiri. Ndinkangowauza kuti tsiku loipa munthu suganiza bwino, umangochita chimene unazolowera, ndiye uzolowere chabwino.

Ku Nsadzo ndinabwererako patapita zaka zambiri, atanditumizira uthenga wa maliro a a Zakeyu. Waya anali atachotsedwa kalekale, anthu atabwerera m'mabwinja awo. Ndinafunsa za amuna amene ndinkawadziwa nthawi ija, ndipo mayankho ake anali ofanana: uyu anatengedwa, uyu anaponda bomba popita kumunda, uyu sitidziwa. Kenako mwana wawo wamkazi anandilowetsa m'nyumba kuti ndione nkhope. Mutu wonse unali mbuu ndi imvi. Ndinafunsa kuti chawatenga n'chiyani.

"Palibe, a pulofesolo," anatero. "Ukalamba basi. Anadya bwinobwino, anasewera ndi adzukulu, anagona pamphasa pawo, osadzukanso."

Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana. Anthu ankayesa ndi chisoni, koma chinali chimwemwe.